Injini ikulira koma njinga siikukoka: musanagulenso mapuleti, funsani za oyilo

Vutoli limaonekera pachitunda. Mwanyamula munthu, mwina ndi thumba la chimanga pakaliyala, muli pa giya yomaliza, mukuwonjezera moto. Injini ikulira mokweza, koma liwiro lili pomwepo, njinga ikungokwawa. Mukatsitsa giya imakokako pang'ono. Kugalaja amakuuzani kuti klatchi yatha, mugule mapuleti. Mwagula, amanga, njinga yabwerera mwakale. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, pachitunda chomwe chija, yayambanso.

Ine ndinagula mapuleti kawiri m'chaka chimodzi pa njinga yanga ya 125, yomwe inali itatumikira kale eni ake angapo ndisanaigule. Ulendo wachitatu ndinapita kwa makaniko wina wachikulire, yemwe sanagwire n'komwe sipanala. Anasolola dipusitiki, n'kutikita oyilo ndi zala ziwiri, kenako anafunsa, "Kodi achimwene, mumathira chiyani m'menemu?" Ndinayankha monyadira kuti ndimathira wapamwamba, wotsala m'chigubu alamu anga akasintha wa galimoto yawo yatsopano. Mkuluyo anapukusa mutu. "Ndiyetu mapuleti muzigula ndithu mpaka alamu anuwo adzagulitse galimoto."

Oyilo mmodzi, ntchito zitatu

M'galimoto, injini ili ndi oyilo wake, giyabokosi ili ndi wake, ndipo klatchi imagwira ntchito ili youma. Pa njinga ya four-stroke, yosawotcha oyilo limodzi ndi petulo, monga Honda CG125, XL125, Yamaha AG200 ndi njinga za ku China ndi ku India zomwe zadzaza m'masiteji a kabaza, zitatu zonsezi zimamwera chitsime chimodzi. Oyilo amene akufewetsa pisitoni ndi yemweyo akutafunidwa ndi mano a magiya, ndi yemweyonso wanyowetsa mapuleti a klatchi. Tsono pisitoni imafuna poterera, pomwe klatchi imafuna pogwira. Oyilo wa njinga amapangidwa kuti asangalatse onse awiri.

Oyilo wa galimoto zamakono, makamaka wopepuka monga 5W-30 ndi 0W-20, amauikamo mankhwala ochepetsa kukhulana kwa zitsulo kuti galimoto isamamwe petulo wambiri. Ena mwa mankhwalawa amakhala ndi molybdenum. M'galimoto zimenezi n'zabwino. M'njinga, mankhwalawa amalowerera m'mapuleti, mapuleti amayamba kuterereka, akaterereka amatentha, akatentha amasalala n'kumanyezimira ngati galasi. Zikafika pamenepo, ngakhale muthire oyilo woyenera, mapuletiwo sabwereranso.

Palinso china chomwe sichimveka msanga. Kam ndi marokha, tizitsulo totsegula mavalavu, mu injini zakale zimakhulana chitsulo ndi chitsulo, ndipo chimaziteteza ndi mankhwala a zinc ndi phosphorus omwe amakhala mu oyilo. Kuyambira pa muyezo wa oyilo wa ku America wotchedwa API SM, womwe unabwera mu 2004, phosphorus mu oyilo wopepuka wa galimoto saloledwa kupitirira 0.08 peresenti, chifukwa amawononga chipangizo choyeretsa utsi cha mu ekizozi ya galimoto zatsopano. Njinga yanu yakale chipangizo chimenecho ilibe, koma kam ili nayo.

Tembenuzani botolo

Kutsogolo kwa botolo kumakhala chithunzi cha njinga yothamanga ndi mawu okopa. Zofunika zili kuseri, m'zilembo zing'onozing'ono. Mu 1998, a ku Japan anakhazikitsa muyezo wa oyilo wa njinga zamoto wotchedwa JASO T903, atatopa ndi vuto lomweli la klatchi. Pali MA ndi MB. MA ndi wa njinga yomwe klatchi yake imasambira mu oyilo, ndiye wanuyo. MB ndi woterera, wa timasikuta tosasintha magiya. Mu 2006 MA anagawidwa pawiri, MA1 ndi MA2, ndipo MA2 ndi amene amagwira kwambiri. Kwa njinga yonyamula katundu, MA kapena MA2 ndi zomwe muyenera kufuna.

Mukaona kachidindo kozungulira kolembedwa "Energy Conserving" kapena "Resource Conserving", bwezerani botololo pashelefu. Ameneyo ndi wa galimoto.

Buku la njinga yakale limatchula API SE, SF kapena SG. Musavutike kuyendayenda m'mashopu kufuna zilembo zimenezo. Ndi miyezo yakale kwambiri. Botolo lolembedwa 4T (kutanthauza oyilo wa four-stroke), JASO MA, ndi API SJ kapena SL, likukwanira.

Ngati klatchi yayamba kale kuterereka

Yambani ndi chosalira ndalama. Gwirani chogwirira klatchi kumapeto kwake, muone ngati chikusewera mamilimita 10 mpaka 20 chisanayambe kukoka. Waya wa klatchi akakhala wokungika kwambiri, klatchi imakhala ngati mwaigwira pang'ono nthawi zonse, ndipo imaterereka ngakhale oyilo ali wabwino. Waya wouma kapena wothothoka mkati amachitanso chimodzimodzi, chifukwa sabwerera yense mukatayirira. Anthu ambiri atsegulitsa injini chifukwa cha waya wa ndalama zochepa.

Waya akakhala bwino, khuthulani oyilo injini ili yofunda, muthire wa JASO MA. Yendani makilomita 200 kapena 300 osanyamula zolemera, musakokenso moto mwamphamvu pa giya yapamwamba, kenako mukhuthulenso n'kuthira wina. Oyilo woyambayo ndi wotsukuluzira. Mukachita mwayi kuti munazindikira msanga, klatchi imagwiranso. Ikapitiriza, tsegulani. Mapuleti achitsulo akakhala abuluu kapena opindika, ndiye kuti anapsa, musinthe pamodzi ndi enawo. Masipuling'i nawo amafupika ndi ukalamba. Kumanga mapuleti atsopano pa masipuling'i otopa n'kutaya ndalama. Ndipo mapuleti atsopano aziviikidwa mu oyilo yemwe muthireyo kwa maola angapo asanamangidwe. Makaniko wachangu amangomanga ouma, n'kuwapsereza tsiku loyamba lomwelo.

Kulemera kwa oyilo

Apa ndi pomwe anthu amatsutsana kwambiri pasiteji. Pa 20W-50, nambala yoyamba ikunena za mmene oyilo amayendera ali wozizira, ndipo W uja akuimira nyengo yachisanu. Nambala yachiwiri ikunena za kulimba kwake atatentha kufika madigiri 100. Choncho 20W-50 ndi 10W-40 ndi oyilo oyenda msanga m'mawa koma osasungunuka kwambiri masana.

Injini za njinga zathuzi zimazizira ndi mphepo. Mukaima pamzere wa magalimoto ku Limbe, kapena mukukwawa mumchenga ku Nsanje mu Okutobala kutentha kutapitirira madigiri 40, mphepo palibe, ndipo oyilo ndi amene amasenza kutentha konse. Injini yomwe yayenda zaka, mipata yake itakula, ine ndimaithira 20W-50 ndipo sindinadandaulepo. Koma injini yoti angoibowa kumene, pisitoni ndi maring'i zili zatsopano, ipatseni zomwe buku lake likunena, kawirikawiri 10W-30 kapena 10W-40.

Chomwe ndimakana ndi maganizo akuti oyilo akalemera ndiye kuti ndi wamphamvu. Pali oyilo wa nambala imodzi, SAE 40 kapena SAE 50, yemwe ambiri amamukonda chifukwa ndi wotchipa ndipo amatontholetsa phokoso. M'mawa wa mu Juni ku Dedza kapena ku Mzimba, oyilo ameneyu amakhala ngati phala. Pampu ya njinga ndi kakang'ono, njira zopita kumutu wa injini n'zopapatiza, ndiye kwa kanthawi kam imazungulira ili youma. Klatchi nayo imakakamira: mukalowetsa giya yoyamba njinga imagunda n'kudumpha, nyutulo osapezeka. Mukaona zimenezi m'mawa mokha, n'kumasiya injini ikafunda, oyilo wanu walemera kwambiri. Timabotolo ta mankhwala onga uchi tomwe amati timatseka utsi timachita zomwezi, ndipo tina timatereretsanso klatchi.

Ndinaonapo mnyamata akuthira oyilo wa giya, wa 90, mu injini, ati nambala yaikulu ndiye yolimba. Manambala a oyilo wa giya amawerengedwa mwina. 90 wa giya kulemera kwake sikusiyana kwenikweni ndi 40 kapena 50 wa injini. Kusiyana kuli pa mankhwala. Wa giya ali ndi sulufule wambiri, n'chifukwa chake amanunkha, ndipo alibe mankhwala otsuka mwaye wa mu injini. Asayandikire n'komwe.

Mukakhala kumudzi, oyilo watsika, wa njinga palibe, ndipo pashopu pali 5W-30 wa galimoto ndi 15W-40 wa malole a dizilo, tengani wa dizilo. Nthawi zambiri sakhala ndi mankhwala otereretsa aja ochuluka. Akufikitsani kutauni, komwe mukasinthe.

Oyilo akungotha

Injini ya 125 imalowa oyilo pafupifupi lita imodzi basi. Kapu imodzi ikasowa, mwataya gawo limodzi mwa magawo anayi. Galimoto ingapirire zotere, njinga ayi. Njinga zambiri zomwe zimanoka sizifa ndi oyilo woipa koma ndi oyilo wochepa.

Yezani njinga itaima chilili pamalo osatsetsereka, osati itatsamira pa sitandi yam'mbali, patadutsa mphindi ziwiri kapena zitatu mutazimitsa. Pa Honda ndi injini zambiri zotengera Honda, dipusitiki mumangoikhazika pakamwa osaipotokola. Mukaipotokola mpaka pansi ikunamizani kuti oyilo ndi wokwanira.

Utsi ndi umene umanena komwe oyilo akupita. Utsi wabuluu wotuluka m'mawa mukangoliza, n'kutha pakapita mphindi zochepa, ndi masiilo a mavalavu: oyilo amadontha usiku n'kukapsa m'mawa. Utsi wotuluka nthawi zonse mukawonjezera moto ndi maring'i kapena silinda yotha. Zonsezi ndi ntchito ya sipanala. 20W-50 angachepetseko utsi, koma sabwezeretsa chitsulo chomwe chinadyeka. Utsi wakuda si wa oyilo, ndi petulo wochuluka kapena sefa ya mpweya yotsekeka.

Ngati palibe utsi koma injini ikuchita thukuta m'magasiketi onse, fufuzani kapaipi kopumira injini. Kakatsekeka ndi matope kapena kupindika, mpweya wa mkati umasowa potulukira ndipo umakankha oyilo paliponse pofooka. Kuthira mopitirira mzere wapamwamba kumachitanso zomwezo, mpaka oyilo amakapezeka m'bokosi la sefa ya mpweya.

Ena amati oyilo wa synthetic, wodula uja wopangidwa ndi makemikolo, amabowola injini zakale. Sabowola. Amatsuka litsiro lomwe limamata masiilo ouma, ndiye kudontha komwe kunabisika kumaonekera. Komabe pa njinga yakale sindiona phindu lake, pa chifukwa chomwe ndifotokoze pansipa.

Oyilo akuchuluka yekha, kapena wasanduka tiyi wamkaka

Oyilo saswana. Mukapeza wakwera pa dipusitiki, nunkhizani. Fungo la petulo likutanthauza kuti kasingano ka mu kabuleta sikakutseka, ndipo petulo akutsikira mu injini usiku wonse. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Nchalo, ndipo timalabala takale ta mu kabuleta sitigwirizana naye kwenikweni. Konzani kasinganoko, khuthulani oyilo yenseyo chifukwa wasungunuka, ndipo zolowerani kutseka kampopi ka petulo mukaimika njinga.

Mtundu wa tiyi wamkaka ndi madzi. Nthawi ya dzinja amalowa mukawoloka mtsinje, kudzera pa kapaipi kopumira kaja, ndipo ena amalowa potsukitsa njinga ndi paipi yamphamvu. Musayende nayo. Khuthulani, thirani wina, yendani pang'ono injini itenthe bwino, mukhuthulenso.

Sefa yomwe ambiri sadziwa kuti ilipo

Mbiri ya CG125 ndi yokhudza oyilo. M'zaka za m'ma 1970, akatswiri a Honda anayendera mayiko monga Thailand, Indonesia, Philippines ndi Pakistan kukaona mmene anthu amagwiritsira ntchito njinga. Anapeza njinga zonyamula banja lonse, oyilo wosasinthidwa mpaka kusanduka phula, kam zakumutu zitadyeka. Ndiye anapanga injini yokhala ndi kam pansi, pafupi ndi oyilo, yokankha mavalavu ndi timitengo tachitsulo. Inatuluka mu 1975, ndipo injini zambiri za ku China zomwe tili nazo pano zinatengera yomweyo. N'chifukwa chake zimapirira nkhanza. Koma XL125 ndi zinzake za kam yakumutu sizipirira choncho. Oyilo akada kapena kuchepa, mutu ndi umene umayamba kulira.

Injini zamtunduwu zilibe sefa yapepala. Zili ndi kasefa kawaya, kuseri kwa chitsekerero chachikulu cha kumanzere pansi, chomwe chimatuluka ndi sipuling'i. Katsukeni nthawi iliyonse mukusintha oyilo, ndipo muyang'ane zomwe kagwira: tizitsulo tonyezimira ndi uthenga woipa. Sefa yachiwiri ili mkati mwa chivundikiro cha kumanja, pafupi ndi klatchi. Ndi kachibekete kozungulira limodzi ndi kiranki, komwe kamaponyera litsiro m'mbali mwake. Kakadzaza, litsiro limangodutsa kupita ku mabeyaling'i. Njinga yanga titaitsegula, tinapalamo zinthu zolimba ngati dongo louma, ndipo ndikukhulupirira kuti palibe anakatsegulapo chigulireni njingayo. Kamodzi pachaka, kapena tsiku lomwe mukusintha mapuleti poti chivundikiro chatsegulidwa kale, uzani makaniko akatsuke, mugule ndi gasiketi yatsopano.

Apa ndi pomwe synthetic amagonjera. Ubwino wake ndi kukhalitsa, koma mu injini yopanda sefa yapepala, yoyenda mufumbi, oyilo amadzaza litsiro asanakalambe. Magiya nawo amadula mankhwala omwe amalimbitsa oyilo, ndipo mumamva nokha kuphazi: magiya amayamba kulimba ndi kukhwekhwereza. Ndi bwino kugula 20W-50 wamba n'kumasintha pa makilomita 1,500, osapitirira 2,000, kusiyana n'kugula wodula n'kumamuumirira chifukwa cha mtengo wake. Wakabaza woyenda makilomita 120 patsiku amakwanitsa 1,680 m'masabata awiri. Mwini njinga amene amapereka ndalama ya oyilo kamodzi pamwezi awerengetse bwino. Mita ikakhala yakufa, monga zilili pa njinga zambiri, werengani masiku. Bawuti yokhuthulira musaimange ngati mukumanga tayala la lole. Imalowa mu aluminiyamu, ndipo mazinga ake akadyeka mwayamba mlandu wina.

Za two-stroke

Yamaha DT125 ndi AG100, zomwe alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo anayendera zaka zambiri, zikadalipo m'manja mwa anthu, ndipo nkhani yake ndi ina. Zili ndi oyilo awiri osayenera kusokonezedwa. Wa 2T, kutanthauza oyilo wa two-stroke, amakhala m'kathanki kake ndipo amapsa limodzi ndi petulo. Pampu yotchedwa Autolube, yomwe Yamaha inayamba kuika pa njinga zake mu 1964, ndi imene imamupereka. Wina ndi wa m'giyabokosi, momwe mulinso klatchi, ndiye lamulo la JASO MA lija likugwiranso ntchito kumeneko.

Mukathira 4T m'kathanki ka 2T, sapsa bwino. Amasiya makala papisitoni, maring'i amamatirira, pulagi imafa sabata iliyonse, ekizozi imatsekeka, njinga n'kutha mphamvu. Pa botolo la 2T funani JASO FB, FC kapena FD. FC ndi FD ndi a utsi wochepa. Kunyanja, ku Mangochi kapena ku Nkhotakota, kumapezeka kwambiri wa maboti wolembedwa TC-W3. Anapangidwira injini zozizira ndi madzi, zosatentha ngati ya njinga, choncho akhale wongopulumukira.

Kathanki kakauma n'kuthiramo wina, mpweya umakhala utalowa kale m'pampu. Masulani kabawuti kotulutsira mpweya mpaka oyilo atuluke wopanda thovu, apo ayi injini igwira muli ndi thanki yodzaza. Oyilo wa m'giyabokosi akamatsika, utsi n'kuchuluka ndi fungo lachilendo, siilo ya kiranki ya mbali ya klatchi yatha ndipo injini ikuyamwa oyiloyo.

Ambiri anachotsa pampu n'kumasakaniza m'thanki ya petulo. Ngati ndi choncho, yezani, musamangothira ndi maso: mamililita 30 pa lita, kutanthauza 150 pa malita asanu. Dziwaninso kuti mukatseka moto, oyilo nayenso watsekeka. Potsika mtunda wautali ngati wa Chiweta kapena wolowera ku Chikwawa, musalole giya kukugwirirani njinga moto uli wotseka njira yonse. Muzigwira klatchi apo ndi apo n'kuwonjezera moto pang'ono. Njinga zina za Suzuki pampu yake imathira oyilo mwachindunji pa beyaling'i ya kiranki, ndipo zimenezo pampu siyichotsedwa.

Wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu

Zonse ndanenazi zikudalira kuti zomwe zalembedwa pa botolo ndi zomwe zili mkati. Oyilo wopimidwa m'mabotolo a zakumwa alibe dzina, alibe nambala. Wina amakhala wabwino ndithu, wochokera mu dilamu, koma wina ndi wokhuthulidwa m'magalimoto, wosefedwa ndi nsalu. Mtundu wokha sungakuuzeni. Donthezani pa pepala loyera: watsopano amasiya banga loyera mofanana, wakale amasiya kadontho kakuda pakati, ndipo amamveka fungo lopsa. Pa botolo lotseka, onani mkombero wa chitsekerero ngati sunadulidwe n'kumatidwanso, ndiponso ngati kapepala konyezimira ka pakamwa kali komata bwino. Mtengo ukatsika kwambiri kuposa wa pa filing'i siteshoni, dzifunseni kuti wogulitsayo akupindula bwanji.

Kugalaja, gulani nokha oyilo, mutsegule nokha, muone akuthiridwa. Botolo likatha musalisiye lili labwinobwino, chifukwa ndi mabotolo omwewo amatoledwa n'kudzazidwanso. Ine ndimalibowola ndi sikuludiraiva pansi ndisanachoke.